Maliro Okha Ndiwo Ankaloledwa

Kopolo Alufeo anayamba wamva kulira asanawaone anthuwo. Nkhungu ya mwezi wa Juni inali itakuta phiri la Mphunzi, ndipo iye ndi asilikali anzake asanu ndi mmodzi anali chiimire pamlatho wamitengo kuyambira m'mawa, zala zitauma pamfuti.

Lamulo limene ankalondera linali la sabata ziwiri zokha. Chaka chimenecho, 1917, amuna ankagwidwa ngati nkhuku kuti akasenze katundu kunkhondo ya azungu, ntchito ija ya tengatenga, ndipo obwerako anali owerengeka. Amayi a m'midzi zitawakwana, anandanda mumsewu wopita kuboma kukadandaula, chimanjamanja, opanda ngakhale ndodo. Pobwerera ananyamula mitembo ya anzawo atatu, ataomberedwa ndi asilikali. Kutacha kunalengezedwa kuti anthu oposa asanu asapezeke akuyenda limodzi pamsewu. Maliro okha ndiwo ankaloledwa, poti ngakhale boma silikanatha kuuza munthu wakufa kuti adziyendere yekha kumanda.

Khamulo litatuluka m'nkhungu, Alufeo analizindikira. Anali anthu akwawo, mwina makumi asanu ndi limodzi. Amuna anayi anasenza mphasa yomangiriridwa pamtengo, kulunjika kumanda a Akhristu, kufupi ndi malire a dziko la Apwitikizi. Sanafunse kuti wapita ndani. Agogo ake, a Gerevazio, anali akutsokomola magazi chiyambire dzinja, ndipo pakati pa amunawo panalibe. Onyamulawo anali amalume ake enieni, chinthu chosayenera, poti abale sasenza mtembo wawo. Koma adzukulu ukanawapeza kuti, onse ali kutengatenga?

Anaona mayi ake, a Anjelina, kutsogolo. Mng'ono wake Rafaelo sanamuone, ndipo apo pokha anapuma. Masiku atatu apitawo anali atatumiza mawu mobisa kuti dzina la Rafaelo lalembedwa kutengatenga, awoloke malire msanga. Pofuna kuti akhulupirire kuti mawuwo ndi ake, anadula batani lamkuwa pamalaya ake n'kulitumiza pamodzi ndi uthengawo. Ndiye kuti mwana wa amake anali kale kutsidya.

Mzungu wolamulira asilikaliwo, amene anthu anamupatsa dzina loti Kaphulika, anabwera pabulu wake. Tsoka lake, Chinyanja ankachimva bwino kwambiri.

"Mmenemo mulibe mtembo," anatero. "Muli mikondo. Masulani."

Palibe anasuntha. Mphasa ya maliro ikamangidwa simasulidwa panjira, ngakhale mwana amadziwa. A Petulo, mphunzitsi wa katekisimu, anayandikira chipewa chili m'manja kuti afotokoze. Tako la mfuti linawapeza pakamwa, mano awiri n'kugwera m'fumbi. Kenaka zikoti zinalira. Zinang'amba misana ya amayi, zinatsegula mutu wa nkhalamba ina, mmodzi wa amalume anathyoka dzanja koma mtengo sanautaye. Anatsitsa mphasa pansi mosamala, onse n'kukhala pamsewu moizungulira, akuimba nyimbo ya maliro ndi milomo yotupa. Palibe anathawa, palibe anatola mwala.

Zimenezo ndizo zinamupsetsa mtima Kaphulika. Analamula kuti mfuti ziloze khamulo.

"Ndiwerenga mpaka khumi."

Alufeo anali pomwepo tsiku la amayi atatu aja, ndipo ankadziwa kuti munthuyu akayamba kuwerenga amamaliza. Mfuti ya mnzake wakumanja inaloza pachifuwa pa mayi ake. Pamene mzungu anafika pa zisanu ndi chimodzi, nzeru inamubwerera.

"Bwana, chitsulo chikakumana ndi chitsulo chimalira. Ndiloleni ndibaye. Ngati muli mikondo, mumva nokha."

Kaphulika analeka kuwerenga, n'kugwedeza mutu.

Alufeo analumikiza mpeni kumfuti yake, n'kudumpha miyendo ya anthu. Nyimbo inaduka. A Anjelina anamugwira mwendo ndi manja onse awiri.

"Alufeo, mwana wanga, ayi."

Mayiwo anayang'ana mzunguyo, anayang'ananso mwana wawo, koma sanathe kuwonjezera liwu lina.

"Mayi, wakufa samva kuwawa," anatero Alufeo monong'ona. "Agogo andikhululukira."

Anawakankha ndi bondo mpaka anagwa chagada. Zinamupweteka, koma kulakwira mwambo kunali kwabwino kusiyana n'kukumba manda makumi asanu ndi limodzi. Anabaya pakati pa mphasa, mpeni n'kulowa wonse. Anazula, n'kubayanso chakumtunda kuti mzungu asatsale ndi chonena. Palibe chinalira. Mphasa inangoti zii.

Kaphulika anaseka, anatembenuza bulu wake, n'kulamula kuti mfuti zitsike.

"Kaikeni nkhalamba yanuyo."

Alufeo anapukuta thukuta ngakhale kunkazizira chotero. Mudzi wonse anali ataupulumutsa ndi dzanja lake, ndipo mumtima anadzitama ndithu. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti palibe anamuyang'ana, ndipo mayi ake anangokhala pomwe anagwera paja, osalira.

Amalume ananyamula mtengo. Kumbuyo kwa khamulo, munthu amene anadzifunditsa nsalu kumutu ngati mayi wokalamba anayamba kutsokomola, chifuwa chimene Alufeo ankachidziwa bwino. Nsaluyo itagwa, anali a Gerevazio.

Magazi anayamba kudontha pamitengo ya mlatho, akufuka nthunzi m'chisanumo. Dzanja linatuluka m'mphasa n'kulendewera, ndipo pamkono pake, pachingwe cha luzi, panali batani lamkuwa. Rafaelo analasidwa kawiri osatulutsa liwu, kuti mzungu asamve.