Mapilitsi a pa Mfundo ya Chitenje

"Amuna anu sanadumphe kumwa mankhwala ngakhale tsiku limodzi?" anafunsa dokotala wa pachipatala cha mgodi ku Kitwe.

Mainess asanatsegule pakamwa, mlamu wake Jairus anali atayankha kale. "Awe mukwai, ayi ndithu! Alamu angawa ankawamwetsa okha, m'mawa ndi madzulo."

Mainess anafumbata mfundo ya pa chitenje chake. Mapilitsi fotini anali momwemo.

Mwamuna wake Obadiah anapatsidwa mankhwala atsopanowo kuti mtima uzigunda modekha podikira opaleshoni ya mtsempha wa magazi wa m'mwendo. Koma mwamuna uja, woswa miyala ya mkuwa pansi pa nthaka, anayamba kuzizira mapazi ndi kuwodzera ngakhale m'tchalitchi. Wofooka chonchi angapirire mpeni? Sabata yathunthu Mainess anam'mwetsa asipirini m'malo mwake kuti mphamvu zibwerere. Zinabwereradi. Koma dzulo, opaleshoni ili mkati, mtima unathamanga mpaka kuimiratu.

"Ndiye kuti mankhwalawa ndi amene atigwiritsa fuwa lamoto," anatero dokotala akupukuta magalasi. "Cholakwa ndi changa, mayi. Amuna ena atatu akudikira opaleshoni yomweyi. Ndiwasiyitsa lero lomwe."

Mainess anasuzumira muwodi. Mayi wina anali atadzutsa mutu wa mwamuna wake, akum'mwetsa pilitsi lomwelo.

"Adokotala," anayamba Mainess.

"Basi, alamu, musalirenso," anam'dula Jairus. "Tiyeni, ampingo akutidikira ku Chamboli. Mwa tonsefe, inu nokha ndi amene mulibe mlandu."