Madzi a Ndimu ku Kings Heath

"Uwauze amayi kuti kuno si ku Ntcheu, aziona mmene ndikuchitira ine," Norman ananong'oneza mkazi wake Mildred atangokhala pansi m'lesitilanti ya zakudya za ku Polynesia ku Kings Heath, m'dziko la azungu.

Woperekera zakudya anabweretsa mbale yaikulu ya madzi ofunda, ndimu akuyandama pamwamba. Norman anainyamula, nagwada, n'kusambitsa apongozi ake m'manja mwaulemu wonse. Kenako anasamba iye, kutsirizira Mildred.

Apongozi ananyambita chala. "Koma azungu! Madzi osamba m'manja mpaka kuthiramo mchere ndi adyo?"

Posakhalitsa woperekera uja anatulukira ndi masipuni atatu. Ataona manja akudontha anaima chilili. "Ameneyo ndi supu wanu wa nsomba."

Apongozi anakankhira mbale ija kwa Norman. "Yambani ndinu bambo, tione mmene mukuchitira."