Chinsinsi cha Ahedi Chinakaululika pa Mtsutso

Panali munthu wina amene ntchito yake inali yophunzitsa andale kayankhulidwe. Anzake ankangomutcha Mlomo, poti akanatha kukugulitsa nsapato zako zomwe, iwe n'kuthokoza. Chaka cha chisankho, mkulu wina wofuna upulezidenti anamulemba ntchito kuti amukonzekeretse mtsutso wa pa kanema.

Mlomo ankawauza bwanawo kuti, "Funso likavuta musalimbane nalo. Khalani chete pang'ono, yang'anani kamera, kenako fotokozani za munthu mmodzi wovutika. Manambala anthu amaiwala, koma munthu samuiwala."

Vuto linali loti bwanawo analibe munthu woti amufotokoze. Osauka ankangowaonera pa windo la galimoto.

Bambo ake a Mlomo anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, ndipo dera lonse linkawatchulabe Ahedi. Zinthu zitathina, anapeza ganyu yotsuka zimbudzi pa msika wina wakutali ndi kwawo. M'mawa ankanyamuka atavala jekete ndi tayi, zovala zaganyu zili m'chikwama, n'kumati akukaphunzitsa ana a mabwana. Ngakhale akazi awo ankadziwa choncho. Mlomo yekha ndiye anawapezerera tsiku lina ali ndi ndowa m'manja. Iwo anamugwira mkono.

"Mwana wanga, izi zithere pompano. Amayi ako asamve."

Mtsutso utayandikira, Mlomo anauza mkazi wake kuti nkhani ija aipereka kwa bwana. Mkaziyo anakana.

"Bambo a kunyumba, amenewo ndi bambo anu okuberekani. Anakupemphani."

"Dzina sititchula. Adziwa ndani? Bwana akawina ndiwachotsako kuzimbudziko."

Tsiku la mtsutso, Ahedi ndi akazi awo anakaonera kwa aneba, pabalaza podzaza anthu. Funso lokhudza okalamba litabwera, bwana uja anakhala chete pang'ono, n'kuyang'ana kamera.

"Ndikudziwa mphunzitsi wina. Anaphunzitsa zaka 34. Amatsimphina mwendo wamanzere. M'mawa uliwonse amamanga tayi, kutsanzika akazi ake kuti akukaphunzitsa, koma amakatsuka zimbudzi. Tayi pakhosi, ndowa m'manja! Abale anga, tayi pakhosi, ndowa m'manja!"

Muholo anthu anaomba m'manja, ena n'kumapukuta misozi.  Koma pabalaza paja panalibe amene sankaudziwa mwendo umenewo. Akazi a Ahedi anawacheukira, pakamwa pali yasa. Ahedi anadzuka, n'kuyamba kufunafuna chipewa chomwe chinali kumutu kwawo komwe, kenako anatuluka.

Kutacha, nyuzipepala zinalemba kuti bwana uja ndiye wapambana mtsutso. Bwanayo anayamikira Mlomo pamaso pa gulu. Atolankhani anayamba kuzungulira m'misika ndi makamera kusaka mphunzitsi wotsimphina. Ahedi sanapitenso kuganyu kuja. Kutchalitchi anasiya, ngakhale pakhonde sankakhalanso.

Mlomo anapita kukapepesa. Anayankhula mogwira mtima zedi, paja ndiyo inali ntchito yake. Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto.

"Wamaliza? Wayankhula bwino. Uyende bwino."

Madzi akatayika sawoleka. Kuyambira pamenepo, Mlomo akaimba foni ankangomva kuti, "Tili bwino," basi. Akapita kunyumba ankamuuza kuti bambo agona. Iye ankati mtima wawo uphwa wokha, n'kubwerera ku misonkhano ya bwana wake.

Miyezi itapita, mlongo wake anaimba akulira.

"Achimwene, bambo atisiya."

Pa maliro m'pamene anamva kuti bambo ake anadwala miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anagonekedwa m'chipatala katatu. Aneba ankadziwa. Ngakhale mkazi wake yemwe ankapita kukawazonda mobisa. Ine wolembane, pamene ankandiuza nkhaniyi, apa mtima unandiwawa kwambiri.

Mlomo anagwada pamaso pa amayi ake. "Amayi, bwanji simunandiuze? Ine si mwana wawo?"

Amayiwo anapukuta m'maso ndi nsalu. "Anatilumbiritsa tonse. Ankati, 'Ameneyo musamuuze. Chinthu changachanga chimene chanditsalira ndi matendawa, angakawaperekenso kwa bwana wake.'"



Phunziro: Mavuto a mnzako si chida chopezera mavoti kapena dzina. Wina akakuululira chinsinsi wakupatsa ulemu wake kuti umusungire, ndipo ukaugulitsa palibe mawu okoma amene angaubweze. Inunso pomvera mtsutso, wandale akakugwetsani misozi ndi nkhani ya munthu wosauka, dzifunseni ngati mwiniwakeyo anavomera. Musangowerenga nokha, atumizireni anzanu ndi abale anu.