Dzina la Anambewe pa Paipi

Madzi onse kwa Nyangaya ndi amchere, ndipo mcherewo umadya chitsulo ngati chiswe. Banja lililonse limapatsidwa kachitsulo kamodzi kokha kosachita dzimbiri pa zaka khumi. Ena onse adaika kawo pa makina osefera madzi. A Fulukiya adalembapo dzina la malemu akazi awo, Anambewe, n'kukakhoma pamanda.

Paipi ya makina awo itabooka, mwana wawo Esinta adaima pakhomo ndi ndowa youma.

"Bambo, mkuwa tidamatira paipi uja wabiriwira n'kuthetheka, chitsulo wamba sichitha mwezi. Kodi tizimwa dzina la amayi?"

Masiku awiri adamwa madzi opempha. Tsiku lachitatu a Fulukiya adapita kumanda, komwe mitanda ya ena idadyeka kalekale, n'kuzula kachitsuloko. Kuti asadzasokoneze mtumbirawo ndi ina, adawerenga mapazi mpaka pamsewu wopita kwawo: makumi anayi.

Adakulunga paipi ija ndi kachitsuloko, zilembo zili kunja. Madzi adatuluka ozizira, opanda mchere.

M'mawa mwake adakawerenganso mapazi kuchokera pamtumbira mpaka pamsewu. Adapeza makumi atatu okha.

"Mwapapeza pomwe agona?" adafunsa Esinta.

A Fulukiya adatunga madzi, n'kuika kapu yachitatu pamkeka.

"Akubwera. Akulondola dzina lawo."