Zipsepse Zozondoka

Tangoganizani: mmisiri amene wakalambira pa luso lopanga tizifaniziro ta maroketi akale angamate bwanji zipsepse za roketi mozondoka?

"Bambo, roketi iyi ikupita kumwamba kapena ikukakumba chitsime?" mwana wawo wamkazi anafunsa akuseka atangolowa m'kachipinda kawo kogwiriramo ntchito. Chionetsero cha tizifaniziroto chinali mawa lake, koma zipsepse ziwiri zinali zitaloza kudenga.

"Choka iwe! Ndinayamba kusema zimenezi usanamere mano," anatero bambowo. "Tandipatsa penti wakuda ndimalize mizere."

Kachitini ka pentiko kanali patsogolo pawo penipeni. Mtsikanayo anasiya kuseka. Anangoima n'kumayang'ana dzanja la bambo ake likupapasa patebulo, likugwetsa burashi, likulambalala kachitiniko, mpaka linakagwira mpeni kokuthwa.

"Mayo! Bambo, mwadzicheka!"

"Ndi pang'ono chabe. Chonde usakawauze amayi ako. Angandilande zida n'kukhoma chipinda chino, ndiye ine ndizitani tsiku lonse?"

Mtsikanayo anawamanga chala ndi kansalu, akumeza misozi kuti asamveke. Kenako anakoka mpando n'kuyamba kumatula zipsepsezo mwakachetechete kuti azimatenso bwino.

"Koma yaoneka bwino, eti mwanangu?" bambowo anafunsa motsitsa mawu, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Yaoneka bwino kwambiri, bambo."

Roketi yonseyo bambowo anaimanga pongokhudza ndi zala. Maso awo anali atasiya kuona.