Makalata Ochokera Kunjanji

Sitima inali itayenda maola asanu ndi limodzi, ndipo mphunzitsi wina anali atadzuka pampando kasanu ndi kawiri. Ulendo uliwonse ankapita kukasuzumira katoni ya mabuku imene inali pakhomo la bogi, ngati kuti mabukuwo angatsike okha pa siteshoni yotsatira.

Mawa lake linali tsiku lokhazikitsa buku lake loyamba, nkhani khumi ndi ziwiri za maulendo a pa sitima. Iyeyo sanali mayi woyendayenda ayi. Moyo wake unali choko ndi bolodi. Maulendowo anali a malemu bambo ake, amene anachoka pakhomo iye ali ndi zaka zisanu, n'kumatumiza kalata mwezi ndi mwezi kwa zaka zisanu ndi zinayi. Amayi ankati ntchito ya kunjanji ilibe tchuthi. Makalatawo mwanayo ankawawerenga mpaka mapepala anafewa ngati nsalu. Bambo atabwera anali owonda, a chifuwa chosatha, osakonda zoyankhula, ndipo chaka sanachimalize. Patapita zaka zambiri, amayi nawonso anatsatira. Iye anatsala ndi makalata okhaokha, ndipo ndi amenewo anawasandutsa buku.

Chimene chinkamusowetsa mtendere tsopano chinali mkulu wina amene anakwera pa siteshoni yachitatu n'kukhala moyang'anizana naye. Jekete yakale koma yosita bwino, manja akuluakulu a zipsera, magalasi omanga ndi ulusi. M'manja mwake munali buku lomwelo, limene linali litangofika m'masitolo sabata yathayo.

Mkuluyo sankawerenga ngati anthu ena. Anali ndi kapensulo kakafupi. Akawerenga mizere ingapo ankapukusa mutu, n'kudula mzere pansi pa mawu, kenako n'kuusa moyo.

Mphunzitsiyo amene ankachonga makope a ana tsiku ndi tsiku, lero ankachongedwa akuona. Ndipo wochongayo anali munthu wa kunjanji, zimenezo zinali zosachita kufunsa. Sitima itayamba kuchepetsa liwiro, mkuluyo ananena osadzutsa n'komwe mutu, "Mlatho uwo." Posakhalitsa magudumu anayamba kulira pamwamba pa mtsinje.

Pamene makalata sanafotokoze bwino, mphunzitsiyo anali atawonjezera zake za m'mutu. Nanga munthu ngati uyu akadzaimirira mawa pakati pa anthu n'kunena kuti mayiwa ndi abodza? Anatembenukira kuwindo kubisa nkhope, pokumbukira kuti chithunzi chake chili kuchikuto. Anadzukanso kukaona katoni. Atabwerako anapeza mkuluyo akumudikira.

"Pepani mayi, si inu muli kuseri kwa bukuli?"

"Ndine, bambo."

"Ndinakuzindikirani nditangokwera. Chipumicho ndi cha bambo anu, simungachibise ngakhale mutavala dengu."

Kwa zaka zitatu mphunzitsiyo anafufuza munthu ngakhale mmodzi yekha amene anagwira ntchito ndi bambo ake, koma ku maofesi ankangomuuza kuti mafayilo akale anadyedwa ndi chiswe.

"Munkawadziwa?"

"Kuwadziwa? Tinakhala limodzi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkadziwa ndi mkonono wawo womwe." Anatsegula bukulo. "Koma apa mwalakwitsa. Ng'ombe zimene zinatseka njanji sizinali zitatu, linali khola lonse, ndipo mwini wake anatithamangitsa ndi chikwapu. Apanso, mayi amene anachira m'bogi uja anabereka mapasa. Wachiwiriyo anadikira kuti tidutse phiri. Amene ankayendetsa tsiku limenelo ndine."

Mphunzitsiyo anaseka misozi ili m'maso. Mantha onse anasanduka njala ya mafunso. Anasendera kumapeto kwa mpando, mawondo kutsala pang'ono kugunda a mkuluyo.

"Ndiye mawa mukhale kutsogolo, bambo. Mukayankhule. Anthu akamve kwa munthu amene anayenda nawo."

Mkuluyo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya jekete.

"Ndiuzeni chimodzi chokha," anapitiriza mphunzitsiyo. "Ankagwira ntchito yanji kwenikweni? M'makalata sananenepo. Ine ndinalemba kuti ankaona matikiti, koma ndinangoganiza."

"Amayi anu alipo?"

"Anatisiya chaka chapitachi."

"Ndiye kuti ndatsala ndekha woti ndikuuzeni." Anaika bukulo pamiyendo n'kulisisita. "Nditawerenga m'nyuzipepala za mwambo wa mawa, ndinati ndipite ndikamuone mwanayu asanaime pamaso pa anthu. Ena okalamba ngati ine alipo, ndipo si onse ali ndi pakamwa pabwino. Kuli bwino umve kwa ine."

Sitima inaliza wezulo. Kunja mitengo inkathamangira m'mbuyo.

"Bambo ako sanakwerepo sitima, mwanangu. Tinali m'chipinda chimodzi kundende. Ine ndinkasimba maulendo anga, iwo n'kumalemba, kuti mwana wawo azingoti bambo ali paulendo."