Kabokosi Koyezera Mkaka ku Mbulumbuzi

"Pulogalamu yosunga malekodi a mkaka, ija imalemera ngakhale pakompyuta ya mu ofesi, ine ndaipanikiza m'kabokosi aka," Shukuru, mnyamata wa zamakompyuta, ankauza atsikana pamalo olandirira mkaka. "Otha zimenezi m'Malawi muno tinalipo awiri. Mnzangayo ali ku Joni."

Mayi Idesi, ali pamzere ndi chigubu chawo, anakayang'ana kabokosiko. Kanali ngati ka sopo, mawaya ali lendelende mpaka ku makina oyezera. Anangokaderera.

Koma posakhalitsa anayamba kukapempherera. Mkaka wa gulu lawo la alimi unabwezedwa kufakitale, ati muli madzi, ndipo kalaliki wolandira mkaka, a Vincent, analoza mayi Idesi. Komiti inagamula kuti ng'ombe imene gulu linawapatsa ilandidwe Loweruka, pokhapokha kabokosi katasonyeza kuti mkaka wawo unkafika wabwino.

Lowerukalo ng'ombe inamangidwa pamtengo wa mango, alimi atadzaza bwalo. Shukuru anafika ndi laputopu kukhwapa, wofatsa modabwitsa. Asanatsegule pakamwa, a Vincent anakuwa:

"Mwana uyu watigulitsa! Kabokosi kake kakutumiza mayina athu kwa anamapopa!"

Chigubu chachitsulo chinatera pamphumi pa katswiri wathu, gwa! Magazi chuchuchu. Anyamata awiri, amene sankadziwa n'komwe nkhani yake, anamupondaponda m'nthiti kuti asaphonye mwayi. A Vincent anazula kabokosi pakhoma, n'kukasinja ndi mwala ngati akusinja nsinjiro. Mayi Idesi anadziponya kuti akalanditse, koma anakumana ndi chigongono pakamwa.

"Basi! Basi, anthu inu!" apampando a gulu, a Lajabu, anagwetsa ndodo pakati.

Mayi Idesi anatola tizidutswa tiwiri ta kabokosi. Anayang'ana ng'ombe yawo. Fizi ya ana, mchere, feteleza, zonse zinali chiimire pamtengo paja zikubzikula.

Shukuru anadzuka mogwira nthiti, n'kulavula dzino.

"Akuluakulu, ine ndinabwera kudzapepesa. Pulogalamu ija inakana kukwanamo. Magetsi akangothima, kabokosi kamaiwala zonse. Munalibe dzina la munthu olo limodzi."

A Lajabu anamasula chingwe cha ng'ombe, n'kuchiika m'manja mwa mayi Idesi anthu onse akuona. Kenaka anatembenukira a Vincent mwaulemu.

"Nanga inu a kalaliki, mumasinja chiyani?"